Masitepe a mu Vertigo ndi Kamera Yochititsa Chizungulire

Amene anaonera filimu ya Jaws ya 1975 amakumbukira pomwe Roy Scheider ali khale pagombe, n'kuona shaki ikugwira mwana m'madzi. Iye sanasunthe pampando, koma gombe lonse kumbuyo kwake likuthawa. Kajambulidwe kameneka kanatchuka ndi filimu ya Alfred Hitchcock ya 1958, Vertigo, ndipo ojambula amakatchula kuti dolly zoom.

Mufilimuyi James Stewart ndi Scottie, wapolisi wa ku San Francisco amene anasiya ntchito chifukwa choopa malo okwera, ataona mnzake akugwa kuchokera padenga. Tsiku lina akuthamangira mkazi, yemwe gawo lake akusewera Kim Novak, pamasitepe a nsanja ya belu ku tchalitchi chakale cha Mission San Juan Bautista. Kungoti asuzumire pansi, masitepe aja akutalika, pansi pakutsetsereka kupita kutali, miyendo n'kumuthera mphamvu. Woonera nayenso mutu umazungulira, osauzidwa ndi mawu.

Chinsinsi chake n'choti kamera imayenda panjanji kulowera kwina pomwe mandala ake akukokera chithunzi kwina, zonse nthawi imodzi. Zimene zili pafupi zimakhala momwemo, zakumbuyo n'zomwe zimatamuka kapena kufupika. Maso a munthu sachita zimenezi, n'chifukwa chake thupi limadzidzimuka.

Hitchcock anauza François Truffaut, wokonza mafilimu wa ku France, kuti maganizowa anamubwerera ataledzera kwambiri pachisangalalo cha Chelsea Arts Ball ku Albert Hall, mumzinda wa London, zinthu zonse zikuoneka ngati zikumuthawa. Anafuna kuonetsa zomwezo mu filimu yake ya Rebecca ya 1940, pomwe Joan Fontaine akukomoka, koma zinakanika. Pofika pa Vertigo ogwira nawo ntchito anamuuza kuti kupachika kamera pamwamba pa masitepe enieni kudya madola 50,000. Poti pachithunzipo sipafunika munthu, anakonza kachifanizo kakang'ono ka masitepewo, n'kukagoneka chammbali, kamera ikuyenda pansi bwinobwino. Mtengo unatsika kufika madola 19,000. Ngakhale nsanja ija, musakavutike kukaifuna ku San Juan Bautista. Yaitali choncho kulibe, anachita kuijambula pamanja.

Vertigo itangotuluka, ambiri olemba za mafilimu anati ndi yaitali komanso yoyenda pang'onopang'ono. Ine ndimati kuchedwa kwakeko ndi komwe kumapatsa mphamvu timasekondi ta pamasitepe tija, chifukwa Hitchcock sanamwaze luso limeneli paliponse monga amachitira ena masiku ano. Mu 1973 filimuyi inachotsedwa m'malo oonetsera mafilimu, n'kudzabwerera mu 1983. Mu 2012 akatswiri ovota m'magazini ya Sight and Sound anaiika pamwamba pa mafilimu onse, kugwetsa Citizen Kane imene inakhalapo zaka 50.

Amene amatchulidwa kuti anapeza kayendetsedwe ka kamerako ndi Irmin Roberts, wojambula wa ku Paramount, koma dzina lake silinalembedwe pamndandanda wa ogwira ntchito mufilimuyi.