Mmene majekete aubweya anachepetsera mbewa za m'mitsinje ku UK

Ku UK kuli kanyama kena amakatchula water vole, kamaoneka ngati khoswe koma mphuno yake ndi yobulungira, makutu obisika mu ubweya, ndipo kamakumba una m'gombe la mtsinje. Kale tinyamati tinali mbwee, ukamayenda m'mbali mwa madzi umangomva chubwi, kamodzi kadumphira m'madzi kuthawa.

Zinayamba kusokonekera ndi bizinezi ya majekete aubweya. M'ma 1920 anthu anabweretsa mink, nyama yaing'ono ya ubweya wopangira majekete yomwe imadya mavole, kuchokera ku America n'kumaweta m'mafamu, zina zinkathawa, ndiye pofika m'ma 1950 zinali zitayamba kuswana kutchire mu mtsinje wa Teign ku Devon, dera la ku England. Vuto ndi loti mink yaikazi ndi yowonda moti imalowa mpaka kuuna, m'madzi nayonso ndi katswiri, ndiye kavole kathawire kuti? Apa n'kuti ziweto zikupondaponda magombe, mitsinje ina ikuwongoledwa ngati ngalande, udzu wobisalamo kutha.

Kwa zaka zambiri anthu sankadziwa kukula kwa vutoli mpaka a bungwe loteteza nyama zakutchire la Vincent Wildlife Trust anachita kalembera wa mavole mu 1989 ndi 1990, atabwerezanso kuyambira 1996 anapeza kuti chiwerengero chagwa pafupifupi 90 peresenti. Ndipo ntchito yake si yosangalatsa ayi, kanyamako sukaona kawirikawiri, umangowerama m'matope kufunafuna timilu ta ndowe pamwala kapena pachipika, mauna, ndi tizidutswa ta udzu todulidwa mopendekera, tounjikidwa pamodzi ngati wina amadya n'kusiya mbale. Ine ndimawapatsa ulemu anthu amenewa, popanda iwo tinyamati tikanangotha mwakachetechete.

Lamulo linateteza mauna a water vole mu 1998, kanyamako mu 2008, ndipo mafamu a mink ku England ndi Wales anatsekedwa pofika 2003. Koma mink zinali zili kale kutchire, ndiye anapanga timabwato toyandama tokhala ndi dongo, mink ikaponda n'kusiya mapazi amatchera msampha, ikakodwa amaipha. Apa ndi pomwe pamabuka mkangano, ena amati mink ilibe mlandu poti sinabwere yokha, ndipo zoonadi zimandipweteka, koma ine ndili mbali ya otchera. Ku nkhalango ya Kielder, kumpoto kwa England, anayamba atsimikiza kaye za mink asanatulutse mavole atsopano mu 2017, chifukwa kupanda kutero kukanakhala kungoiperekera ndiwo.