Chip imodzi ntchito zambirimbiri, nanga kernel iziwa bwanji?

Mukalumikiza flashi pa USB kompyuta imaizindikira yokha, chifukwa njira zolumikizira zipangizo ngati USB ndi PCI zinapangidwa kuti chipangizo chizitha kunena chokha kuti ndine wakuti. Koma pa timabolodi ta makompyuta ang'onoang'ono a mtundu wa ARM zinthu zambiri sizitero. Chip yomwe yakhala pa mawaya awiri olumikizira ma chip otchedwa I2C imangokhala phee, kernel (mtima wa Linux umene umalankhula ndi zipangizo) ikapanda kuuzidwa kuti pa adiresi yakuti pali chakuti ndiye basi siyiziwa kanthu. Kale pa Linux bolodi iliyonse inali ndi fayilo yake ya pulogalamu ya C yonena zimenezi, mafayilo anachulukitsa mpaka mu 2011 Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, anakwiya nazo poyera, ndiye anthu a ARM anasamukira ku device tree, ndondomeko yofotokoza zipangizo za pa bolodi, yomwe inachokera ku njira yakale yodzutsira makompyuta yotchedwa Open Firmware ndipo a makompyuta a PowerPC anali akuigwiritsa kale ntchito. Mumalemba fayilo ya .dts, pulogalamu ya dtc imaisandutsa .dtb, U-Boot (pulogalamu yodzutsa bolodi) nkuipereka kwa kernel poyatsa.

Tsono pomwe pamavuta ndi pa ma chip ogwira ntchito zingapo, aja amati MFD (multi-function device). Titenge AXP209 ya X-Powers, yomwe ili pa mabolodi ambiri a Allwinner A20 ngati Cubieboard2. Kachinthu kamodzi komweka kamagawa magetsi ku CPU ndi kwina, kamatchaja batire, kamayeza mavoti, kamamva mukadina batani loyatsira, komanso kali ndi timapini ta GPIO, toyatsira kapena kumvera zinthu zina pa bolodi. Mu device tree mumalemba node (kachigawo kofotokoza chipangizo) imodzi pansi pa I2C, pmic@34, compatible yake (dzina loizindikirira) "x-powers,axp209", reg (adiresi) nkukhala 0x34, nkutchulanso waya wa interrupt, womwe chip imaitanira CPU. Driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) ya mu drivers/mfd ndi imene imagwira mawaya a I2C ndi interrupt imodziyo nkugawira ma driver ang'onoang'ono, onse amafika pa ma register (timabokosi ta manambala olamulira chip) kudzera pa njira imodzi yotchedwa regmap kuti asamapondane.

Apa ndi pomwe ndimafuna mumvetsetse. Device tree imafotokoza chitsulocho mmene chilili, osati mmene Linux yagawira ma driver ake. Anthu ambiri akangoona kuti ma driver alipo angapo amathamangira kupanga node ya mwana pa driver iliyonse, ndipo oyang'anira ma binding (malamulo a kalembedwe ka device tree) amazibweza, ine ndimaona kuti amalondola. Onani AXP209 yomweyi, GPIO ili ndi node yake chifukwa zinthu zina pa bolodi zimafunika kuiloza kuti pini yanga ndi iyi, ma regulator (zigawo zopereka magetsi pa muyeso wake) nawonso ali ndi ma node chifukwa bolodi iliyonse inawalumikiza mosiyana, koma batani loyatsira lilibe node, driver imaziwa kale kuti AXP209 iliyonse ili nalo. Chifukwa chake nchachikulu ndithu, .dtb ikatuluka nkulowa mmabolodi a anthu imayenera kugwirabe ndi kernel ya mtsogolo, komanso U-Boot ndi FreeBSD (sisitimu ina yosiyana ndi Linux) amawerenga mafotokozedwe omwewo, ndiye mukalembamo kagawidwe ka Linux ka lero mwamanga anzanu manja.

Palinso "simple-mfd" ndi "syscon", amenewa ndi ma compatible a ma register a mkati mwa SoC (chip yaikulu yokhala ndi CPU) omwe ma node awo a ana atha kudzuka okha osadikira kholo kuti likonze kanthu. Si za PMIC (chip yoyang'anira magetsi ngati AXP209) ya pa I2C, musazimate paliponse.

Ma regulator aja ndiye asamaleni zedi. Pa Cubieboard2, regulator ya AXP209 yotchedwa DCDC2 ndi imene imadyetsa CPU, ndiye pa node ya cpu0 pamalembedwa cpu-supply yoloza ku DCDC2, ndi malire a mavoti mu regulator-min-microvolt ndi regulator-max-microvolt, kuti kernel ikamakweza kapena kutsitsa liwiro isapyole muyeso. Ndipo kernel ili ndi khalidwe loti regulator yoyaka koma yomwe palibe wanena kuti akuigwiritsa ntchito imaizimitsa, pa ma kernel atsopano zimachitika patapita masekondi 30. Mumaona bolodi yadzuka bwinobwino, login yabwera, kenako mwadzidzidzi sikirini thii kapena Wi-Fi yasowa, munthu nkuyamba kukayikira tchaja chonsecho vuto ndi mzere umodzi wa supply womwe unaiwalika. Yang'anani mu dmesg (mauthenga a kernel) mzere wa dzina la regulator wothera ndi mawu oti disabling. Musathamangire kuika regulator-always-on paliponse, batire izitha msanga, tsegulani schematic (chojambula cha mawaya a bolodi) muone kuti waya umenewo ukupita kwa ndani, mulembe supply pa node ya mwini wakeyo, kenako muyendetse make dtbs_check yofufuza zolakwika musanatumize patch (zomwe mwasinthazo).