Jambulani kaye musanapopere

"Alangizi, kudimba kwalowa tizilombo, ndipopere mankhwala anji?" Funso limeneli ife a zaulimi timalimva pafupifupi tsiku lililonse. Tikafunsa kuti ndi tizilombo totani, yankho limangokhala lakuti "timbozi" kapena "takudakuda". Pamenepo timasowa pogwira, chifukwa m'dimba limodzi la m'mbali mwa Shire kapena ku Malombe mumakhala tizilombo tamitundumitundu, ndipo towononga ndi tochepa. Tambiri timadya tinzake towonongato, tina timathandiza maluwa kuti abereke. Chithunzi chabwino chojambula pafoni chimatiuza ngati mwapeza mdani kapena mthandizi.

Tengani chitsanzo cha kachilombo kofiira, kozungulira, ka madontho akuda, kamene Angerezi amati ladybird. Kakakula aliyense amakadziwa. Koma kakali kakang'ono sikafanana n'komwe ndi make: kamakhala kakuda, katalikatali, ka timawanga tachikasu, kooneka ngati kang'ona. Alimi ambiri akakaona pansi pa tsamba la mpiru pakati pa nsabwe za m'masamba amati ndi kamene kakuwononga, n'kupopera. Chonsecho kamabwera kudzadya nsabwezo. Zimandipweteka mtima kuona munthu atawononga ndalama zake kupha wantchito amene amamugwirira ulere. Chenjerani komabe, pali wachibale wake wosawala, wa tiubweya pamsana, amene amadya masamba a maungu ndi nkhaka. Ndi maso okha n'zovuta kuwasiyanitsa, koma mukakulitsa chithunzi ubweyawo umaoneka.

Ndi chimodzimodzi ntchemberezandonda zimene zinafika m'dziko muno kumapeto kwa 2016, zija zinachititsa boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pangozi. Mboziyi ili ndi zizindikiro ziwiri: pamutu pake pali mzere woyerera wokhala ngati chilembo Y chozondoka, ndipo chakumchira kuli madontho anayi akuda oyalana awiri kutsogolo, awiri kumbuyo. Kapuchi, mbozi ina yoboola phesi la chimanga, alibe zimenezi. Choncho mukafunyulula nsonga ya chimanga n'kuipeza, jambulani mutu ndi kumchira komwe, osati pamimba pokha. Mazira ake amakhala pamulu, 100 mpaka 200, atakutidwa ndi ubweya wotuwa, ndipo amaswa pakangotha masiku awiri kapena atatu. Mukawapeza, jambulani kenako muwatswanye ndi zala.

Nthawi yabwino yojambula ndi m'mamawa. Thupi la kachilombo limatenthedwa ndi dzuwa, ndiye kukamacha agulugufe, atombolombo ndi ziwala amakhala ali phee patsamba, mame asanaume. Kwathu kuno dzuwa silichedwa kuswa mtengo, makamaka mu Okutobala, ndipo likangokwera tizilombo tonse timayamba kuthamanga. Mphepo nayo imavuta. Nyengo ya mwera tsamba silikhazikika, choncho gwirani phesi ndi dzanja limodzi, foni ku dzanja linalo, chigongono mutatsamiza pabondo.

Yambani mwapukuta galasi la kamera, poti thukuta ndi fumbi ndi zimene zimawononga zithunzi zambiri kuposa kutchipa kwa foni. Musakokere chithunzi ndi zala, sunthani ndinu pang'onopang'ono, ndipo chithunzithunzi chanu chisagwere pa kachilomboko chifukwa kathawa. Dinani pasikirini pomwe pali mutu wake kuti kamera iloze pamenepo. Ikakana, ikani chikhatho kapena pepala loyera kuseri kwa tsamba. Pambali pake ikani mtengo wa machesi kuti woona adziwe kukula kwake. Kumavu ndi njuchi imani patali ndithu.

Chithunzi cha kachilombo kokha sichikwanira. Jambulaninso pamene kadya, ndowe zake, ndi mbewu yonse, pakuti kadyedwe kamaulula mwini. Nthawi zina mudzaona nsabwe zofufuma, zofiirira, zouma, zina zili ndi kabowo kozungulira pamsana. Zimenezo zaphedwa kale ndi timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira m'kati mwake, ndipo pamenepo kupopera n'kungodzibweza m'mbuyo.

Potumiza kwa mlangizi wa m'dera lanu pa WhatsApp, tumizani ngati document, chifukwa njira yanthawi zonse imachepetsa chithunzi ndipo timadontho tija timafufutika. Lembani tsiku, mudzi ndi mbewu yake. Amene ali ndi bandulo angathenso kuchiika pa tsamba la pa intaneti la iNaturalist, pomwe akatswiri a m'maiko osiyanasiyana amathandiza kutchula dzina.

Yankho likabwera lakuti ndi mdanidi ndipo wachuluka, poperani madzulo. Maluwa a maungu amatsegula m'bandakucha n'kufota dzuwa likafika pamutu, ndipo maola amenewo ndi amene njuchi zimanyamula ufa wa duwa lalimuna kupititsa ku lalikazi. Mukapopera m'mawa mupha njuchizo, ndipo timaungu tidzangoyoyoka tisanakule.