Njanji ya Uganda Railway sinafike ku Kampala mu 1901

Ambiri akamva dzina loti Uganda Railway amaganiza kuti njanjiyi inayalidwa m'dziko la Uganda la lero. Ayi ndithu. Boma la Britain linayamba kuiyala ku Mombasa mu 1896, zitsulo zake zotalikirana mita imodzi, ndipo mu Disembala 1901 inathera ku Kisumu, m'mphepete mwa nyanja ya Victoria. Mtunda wonsewu lero uli mu Kenya. Panthawiyo Kisumu inalidi mbali ya Uganda, koma mu 1902 atsamunda anasuntha malire.

Wopita ku Kampala ankatsika padoko, katundu kumutu, n'kukwera sitima yapamadzi. Njanji inafikako mochedwa, mu 1931. Chimene chimandiwawa n'chakuti dzinali silitchula amwenye oposa 30,000 omwe anabwera kudzakumba ndi kuyala, ndipo pafupifupi 2,500 mwa iwo anafera komweko.