Kachithunzi ka pa desktop si pulogalamu yeniyeni

Ophunzira ambiri a ku Chirunga amakopera kachithunzi ka pulogalamu pa flash, n'kumadabwa kuti pa kompyuta ina kakukana kutseguka. Chomwe atenga ndi shortcut, kafayilo ka .lnk ka ma KB ochepa chabe, kokhala ndi kamuvi pakona. Kali ngati chikwangwani cha pamphambano, kamangoloza njira. Pulogalamuyo, fayilo ya .exe, yatsala pa kompyuta yoyamba ija.

Kuti mudziwe komwe kakuloza pa Windows, kadineni ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Properties. Pa tabu ya Shortcut pali bokosi la Target, ndipo m'menemo mwalembedwa njira yonse, mwachitsanzo C:\Program Files\VideoLAN\VLC\vlc.exe. Batani la Open File Location limakufikitsani m'fodamo. Mapulogalamu a 32-bit amakhala mu Program Files ina yothera ndi x86. Ena, monga Zoom, amakonda kukhazikika mu AppData, foda yobisika. Lembani %appdata% pamalo a adiresi, pamwamba pa zenera la foda iliyonse, kuti muyione.

Nthawi zina Target imakhala yotuwa, yongoonetsa dzina popanda njira. Musaganize kuti pawonongeka kanthu, ndi mmene Windows Installer imapangira ma shortcut ena, monga a Microsoft Office 2010. Tsegulani pulogalamuyo, dinani Ctrl+Shift+Esc, ipezeni mu Task Manager, kenako batani lakumanja ndi Open File Location.

Koma phindu lalikulu la bokosi la Target lili pa ma flash obwera kuchokera kosindikiza mapepala, kaya m'tauni kaya ku Matawale. Mukaona mafoda anu onse asanduka ma shortcut, musatsegule n'imodzi yomwe. Yang'anani Target kaye. Ikamaloza ku cmd.exe kapena wscript.exe, kenako n'kutsatira dzina lothera ndi .vbs kapena .js, imeneyo ndi vairasi. Yabisa mafoda enieni n'kuika ake onamizira, kuti mukadina iyambe kugwira ntchito. Anthu amathamangira kupanga format, kufufuta zonse za pa flash, zomwe n'zopweteketsa, chifukwa mafayilowo alipo ndithu. Tsegulani Command Prompt, mulembe attrib -h -s -r /s /d E:\*.* ngati chilembo cha flash yanu ndi E. Mafoda akaonekera, fufutani ma shortcut aja ndi fayilo yachilendoyo, kenako yendetsani antivirus pa flash ndi pa kompyuta pomwe, popeza mwina vairasiyo inalowamo kale.