Galimoto munaikweza, nanga tayala lakumbuyo likulendewera bwanji m'mwamba?

Mwezi watha ku galaja kwanga kunabwera bambo ena ndi Hilux ya double cab, yokwezedwa ma inchi 2, matayala aakuluakulu, yoti ukangoiona umati iyi ndiye palibe komwe singafike. Koma eni ake nkhope ili gwaa. Akuti ankapita ku Nyika kudzera ku Rumphi, pena pake mvula inali itakumba ngalande yopingasa msewu, atalowamo chammbali tayala limodzi lakumbuyo linangonyamuka nkumazungulira m'mwamba, galimoto osasuntha, kenako kunabwera Land Cruiser yakalekale yosakwezedwa nkomwe itanyamula matumba a chimanga, inadutsa pomwepo osavutika. Funso lawo linali limodzi basi, "Amakaniko, ndalama zonse ndinalipira zija zinagwira ntchito yanji?"

Ndinawauza zomwe ndikuuzeni inunso pano. Kukweza galimoto kumathandiza kuti mimba yake isakhule miyala, koma chomwe chimakutulutsani mu ngalande ndi china, anzathu okonda zamtchire amati flex, kutanthauza kuti tayala lina likakwera pamwala linzake lizitha kutsika mpaka kugwira dothi. Difu wamba, chija chapakati pa matayala chowapatsa mphamvu ya injini, amagawa mphamvu mofanana mbali zonse ziwiri, ndiye tayala lina likakhala m'mwamba lopanda chogwira, lapansi lija nalonso limalandira kamphamvu kochepa komweko, mwatitimira. Hilux zamasiku ano kutsogolo zili ndi IFS, kutanthauza kuti tayala lililonse limakwera ndi kutsika palokha, koma siliyenda kwambiri mmwamba ndi pansi, choncho ntchito yaikulu yopindika imatsalira kumbuyo.

Nditalowa pansi pa galimoto ija ndinaona vuto loyamba nthawi yomweyo. Komwe anagula anawapatsa masipuling'i a heavy duty, aja opangira galimoto yoti tsiku lililonse imakhala ndi katundu wa makilogalamu 300 kapena kuposa, canopy, madirowa, thanki yamadzi, zonse. Koma kumbuyo kwa bwanawa kunali cooler box ndi sipeya basi. Sipuling'i yolimba choncho popanda cholemera siipindika, ili ngati mtanda wa denga. Anthu ambiri amaganiza kuti heavy duty ndiye kuti yabwino kwambiri, ayi ndithu. Makampani ngati Old Man Emu ndi Ironman amagulitsa masipuling'i osiyanasiyana malinga ndi kulemera komwe mumanyamula, ndiye musanagule dziwani kaye zomwe mumayenda nazo masiku onse, osati za ulendo umodzi wa pa Khirisimasi popita kumudzi. Zoonjezera lifi imodzi, chitsulo chophwatalala chija, pa sipuling'i yakale zimakweza inde komanso nzotchipa, koma zimalimbitsa. Za mabuloko oika pakati pa axle, chitsulo cholumikiza matayala awiri akumbuyo, ndi sipuling'i ndiye sindizifuna nkomwe, flex saonjezera ngakhale pang'ono, amangopangitsa axle kumapotokola sipuling'i mukaponda moto.

Dzimbiri ndi fumbi nazonso zimamata malifi moti amalephera kutsetsereka, kungomasula, kupala ndi kubwezeretsa timapulasitiki takumapeto kwa malifi galimoto imafewa mooneka.

Kenako yang'anani shackle, kachitsulo kolendewera kumapeto kwa sipuling'i. Sipuling'i ikapanikizika imawongoka nkutalika, shackle imakankhidwira kumbuyo, ikamasuka imakhota nkufupika, shackle imakokedwera kutsogolo. Ndiye galimoto ikaima pamalo osalala shackle iyenera kupendekera kumbuyo kuti ikhale ndi mpata mbali zonse. Mukaipeza yaima chilili kapena yawerama kale kutsogolo, dziwani kuti mpata woti tayala litsike watha galimoto isananyamuke nkomwe. Chinanso chomwe anyamata ambiri amalakwitsa, ngakhale wanga ndinamukalipirapo, ndi kumanga mabawuti a mabushi galimoto ili pa jeke. Mabawuti amenewo amamangidwa komaliza matayala ali pansi, apo ayi bushi ya labala imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo siichedwa kung'ambika. Mabushi a polyurethane amalimba koma amafuna girizi, popanda girizi amalira ngati chitseko cha kuchimbudzi ndipo amagwira. Mashackle ataliatali samalani nawo, amasintha mmene difu yapenyera ndipo propshaft, chitsulo chozungulira chopititsa mphamvu ku difu, imayamba kunjenjemera pa tala.

Tsopano mashock, apa ndi pomwe flex yambiri imafera. Pa galimoto zambiri chomwe chimaletsa tayala kutsika ndi shock yomwe yatambasuka mpaka pamapeto. Mukakweza ndi mamilimita 50 koma shock nkukhala yautali wakale, ndiye kuti mamilimita 50 amenewo mwawadya pa mpata wotsikira, simunapindule kanthu, mwangosuntha poyambira. Kuyesa kwake nkosavuta. Ikani chasisi pa masitandi olimba, osati pa njerwa chonde, difu muigwirize ndi jeke, masulani bawuti yapansi ya shock, tsitsani jeke pang'onopang'ono. Axle ikapitirira kutsika kusiya shock m'mwamba, mwamupeza wakuba. Pa Hilux ya bwana aja inatsika pafupifupi zala zinayi. Yezani ndi tepi kuchoka pa bawuti yapamwamba kufika yapansi, lembani, kenako kwezani mbali imodzi mpaka axle igunde bump stop, kalabala kolimba koletsa axle kugunda chasisi, yezaninso. Manambala awiriwo ndi omwe mumapita nawo kogula shock, osati kungoti ndipatseni ya 2 inch lift. Koma pali msampha, shock yaitali ikatsekeka imakhalabe yaitali, ndiye mukagunda dzenje mwamphamvu imatha kutsekeka yonse bump stop isanagwire, mkati mwake mumaphwanyika kapena bulaketi imathyoka. Zikatero bump stop iyenera kutalikitsidwa pang'ono, mwataya pang'ono pokwera kuti mupeze zambiri potsika. Ndaonapo anthu akudula bump stop ndi mpeni ati kufuna flex, mapeto ake tayala likudya bodi ndipo sipuling'i yapindikira kosayenera.

Axle ikayamba kutsika kwambiri, zonse zolumikizidwa kwa iyo ziyenera kutsika nayo. Paipi ya labala ya mabuleki ndiye yoyamba, ikakokeka ngati chingwe cha gitala tsiku lina idzaduka muli pamtsetse wa Golodi potsika ku Livingstonia, ikani yaitali. Onaninso kebulo ya handbrake, waya wa ABS, kapaipi kopumira difu, ndi propshaft ngati ikutsalabe ndi mano okwanira polowera. Hilux zakale zili ndi kavavu koyeza katundu kolumikizidwa ku axle ndi kandodo, mukakweza osakasintha kamaganiza kuti galimoto ndi yopepuka nthawi zonse ndipo mabuleki akumbuyo amafooka.

Amene muli ndi Land Cruiser 80, ija ya 1990 mpaka 1997, kapena Patrol ya makoyilo, nkhani yanu njosiyana pang'ono. Kwa inu shock ikatalika kwambiri koyilo imamasuka nkugwa, ndiye imafuna zogwirira kapena koyilo yaitali yofewa. Panhard rod, ndodo yopingasa yogwira axle kuti isasunthire mmbali, nayo imakokera axle mbali imodzi mukakweza. Sway bar, ndodo yoletsa galimoto kupendekera pakona, imaletsadi flex, koma ine ndimakonda kutalikitsa malinki ake kapena kuika omasula mukafika kutchire, chifukwa kuichotseratu pa galimoto yaitali yokhala ndi tenti padenga nkumathamanga pa M1, pakona imagona moopsa.

Hilux ija tinaiika masipuling'i a katundu wapakati, mashackle othira girizi, mashock oyezedwa ndi paipi ya buleki yaitali. Kuseri kwa galaja kuli kachulu komwe timayesera, tinakweza tayala lakutsogolo pachulupo mpaka pomwe poyamba lakumbuyo linkanyamuka, titayala katoni pomwe tayalalo likaime. Ndinawauza bwanawo kuti aisolole. Anakoka mpaka katoni inang'ambika m'manja, tayala lili nganganga pansi. Anaseka, kenako nkundifunsa mtengo wa diff lock, chija chokakamiza matayala onse awiri kuzungulira limodzi, ndinawauza kuti ayambe apita ku Nyika kaye adzandiuze ngati akuifunabe.