Ndalama za SSDI ku America si za wolumala aliyense

Pali mphekesera yakuti ku America aliyense wolumala amangolandira ndalama za SSDI. Zimenezi n'zabodza. SSDI (Social Security Disability Insurance) ndi inshuwalansi ya boma yothandiza anthu olumala amene anagwirapo ntchito n'kumadulidwa msonkho wa Social Security, thumba la boma la penshoni.

Lamulo la 1935 limene linakhazikitsa Social Security linalibe gawo la SSDI limeneli. Linadzawonjezedwa mu 1956, poyamba kwa antchito a zaka 50 mpaka 64 okha, ndipo malire a zaka 50 anachotsedwa mu 1960.

Masiku ano, wa zaka 31 kupita m'tsogolo kawirikawiri amafunika kukhala atagwira ntchito zaka 5 mwa zaka 10 asanalumale. Chilemacho chikhale chomulepheretsa kugwira ntchito kwa miyezi 12 kapena kuposerapo, kapena choti chingamuphe. N'zomvetsa chisoni kuti ena amakanidwa chifukwa analumala atasiya ntchito kalekale, inshuwalansi yawo itatha mphamvu.